WooCommerce, OpenCart, PrestaShop kapena Magento: shopu yanga ya pa intaneti ndiimange pa iti?

Funso: Ndili ndi shopu ku Limbe, ndimagulitsa zitenje, nsapato za amayi ndi zikwama, katundu wa mitundu ngati 300. Pakadali pano ndimagulitsa pa WhatsApp ndi Facebook, koma ndatopa ndi kuyankha "ndi zingati?" mpaka pakati pa usiku. Makasitomala ena ali ku Johannesburg ndi ku UK, amagulira abale awo kuno. Ndikufuna webusaiti yoti munthu azisankha yekha n'kulipira. Mnyamata wina akuti Magento ndiye ya akuluakulu, wina akuti WooCommerce, mwana wa achemwali anga akuti OpenCart ndi yopepuka. Onse akuti ndi zaulere. Ndisankhe iti?

Yankho: Mayi, pa katundu wa mitundu 300 ndi makasitomala amene ambiri amalipira pa foni, tengani WooCommerce. Magento isiyeni, si yanu. Koma musanapereke khobidi kwa aliyense mwa anyamata atatuwo, mvetsani chimene chandifikitsa pa yankho limeneli, chifukwa si kukongola kwa pulogalamu ayi. Shopu ya pa intaneti kuno kwathu imaima kapena kugwa pa mafunso atatu. Ndalama ya kasitomala ifika bwanji m'manja mwanu? Zinthu zikasokonekera Loweruka madzulo adzakonza ndani? Nanga chaka ndi chaka muzitulutsa madola angati?

Akamati zaulere sakunama, kungoti akukuuzani theka. Mapulogalamu mwatchulawa, pamodzi ndi PrestaShop imene ndikuwonjezerapo, ndi a open source. Ndiye kuti zonse zimene zimayendetsa pulogalamuyo zili poyera, aliyense angathe kuitenga, kuiika pa seva yake (kompyuta yosungira webusaiti pa intaneti), kuisintha mmene akufunira, ndipo palibe adzabwere kudzatolera lendi pakutha pa mwezi kapena kudulako kenakake pa chitenje chilichonse chimene mwagulitsa. Mpamene imasiyanirana ndi Shopify, imene ili ngati shopu ya lendi m'nyumba ya eni: mashelefu ndi magetsi zilimo kale, koma mwezi uliwonse mulipira m'madola, ndipo mukaleka kulipira chitseko chatsekedwa. Open source ili ngati amfumu akupatsani puloti. Malo ndi anu ndithu, koma njerwa, malata, mmisiri ndi mlonda zili kwa inu. Walira mvula walira matope.

Zolipira zake ndi izi. Dzina la webusaiti, limene amati domain, mumalipira chaka ndi chaka. Malo pa seva, hosting, pamwezi kapena pachaka. Kenako tizidutswa towonjezera, ma plugin owonjezera zochita za shopu ndi theme ya maonekedwe ake, timene tambiri timagulitsidwa pa chilolezo cha chaka chimodzi. Chaka chikatha plugin imagwirabe ntchito, koma simulandiranso zokonza zake, ndipo mavuto amayambira pamenepo. Zogula kunjazi mitengo yake ili m'madola kapena m'mayuro. Kumbukirani November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi wokha. Plugin ya madola 100 pachaka inachoka pa K118,000 kufika pa K170,000 mwini shopu ali m'tulo. Onjezeranipo vuto la khadi la ku banki kukana kulipira kunja ndalama zakunja zikasowa, muona kuti shopu imene ikudalira ma plugin ogula asanu ndi limodzi ndi msampha. Aliyense wofuna kukumangirani alembe papepala chilichonse chimene chidzafune kulipiridwa chaka chachiwiri, ndi mtundu wa ndalama yake.

Nkhani yaikulu ndi yolandira ndalama, ndipo apa ndichedwapo. Mavidiyo ambiri a pa YouTube ophunzitsa kumanga shopu akafika pamenepa amangoti "lumikizani Stripe", mphindi ziwiri zatha. Stripe, kampani yakunja yolandira malipiro a pa intaneti, salembetsa mabizinesi a ku Malawi. WooPayments, njira yolipirira ya eni ake a WooCommerce, imayendera pa Stripe yomweyo, choncho nayonso si yanu, ndipo Shopify Payments nayo kuno kulibe. Kasitomala wanu wa ku Ndirande ali ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, wa mu ofesi ali ndi Mo626 kapena akaunti ya banki ina, wa ku Johannesburg ali ndi khadi la Visa kapena Mastercard. Mukufunika kampani yapakati yolandira ndalamazi n'kukuikirani ku banki kwanu. Alipo ogwira ntchito kuno, monga PayChangu ndi DPO Pay. Kambani nawo kaye musanasankhe pulogalamu, chifukwa pulogalamu imene alibe plugin yake ndiye kuti mudzalemba ganyu munthu woti alumikize kuchokera pachiyambi, ndipo mudzadalira munthu mmodziyo mpaka kalekale.

Mukapita, afunseni zenizeni. Plugin yawo ndi ya mapulogalamu ati, ndipo anaikonza komaliza liti? Amadula maperesenti angati pa Airtel Money, angati pa Mpamba, angati pa khadi, poti nthawi zambiri mitengo imasiyana? Ndalama imatenga masiku angati kufika ku akaunti yanu? Makhadi a mabanki akunja amalandira? Kasitomala akafuna kubwezeredwa ndalama zimayenda bwanji? Ali ndi malo oyesera, amene amati sandbox, poti muyese popanda ndalama yeniyeni? Konzeranitu setifiketi ya bizinesi yanu, TPIN ya ku MRA, chiphaso chanu ndi akaunti ya banki ya bizinesi, poti mapepala otere ndi amene makampani olandira ndalama amafunsa. Mukafunsa za plugin, dzina loyamba kulimva likhala WooCommerce, chifukwa aliyense wolemba plugin amayambira kumene kuli anthu ambiri. Theka la yankho langa lagona pamenepa.

Dziwaninso mmene malipirowo amayendera, kuti tsiku la vuto musadzangoima pakamwa yasa. Kasitomala amadina batani lolipira, amalemba nambala yake ya foni, pa foni pake pamabwera uthenga wofuna PIN, ndalama imachoka. Kenako seva ya kampani yapakati ija imatumiza kauthenga ku seva yanu konena kuti oda yakuti yalipiridwa. Kauthenga kameneka amakatcha webhook kapena callback. Kakafika, oda imachoka pa "Pending payment" n'kupita pa "Processing". Kakapanda kufika, ndalama ya munthu yapita koma shopu yanu siikudziwa. Choipitsitsa, WooCommerce imasungira munthu katundu kwa mphindi 60 zokha ngati simunasinthe, ikatero imafafaniza oda yosalipiridwayo, katundu n'kubwerera pa shelefu. Mayi walipira nsapato ya saizi 39 yomaliza, ola limodzi latha, wina waigula. Foni imene ibwere pamenepo simudzaiiwala.

Chimatseka kauthengako n'chiyani? Kawirikawiri ndi plugin ya chitetezo kapena firewall, mpanda wa chitetezo wa hosting, imene ikuona ngati ndi wakuba akugogoda. Mwina setifiketi ya SSL, imene imateteza mauthenga olowa ndi otuluka pa webusaiti yanu, yatha. Mwina adiresi imene munapereka ku kampani yapakati ili ndi www pomwe webusaiti yanu ilibe, kapena yayamba ndi http m'malo mwa https. Mwinanso mnyamata anaiwala kuchotsa makiyi oyesera, manambala achinsinsi olumikizira shopu ndi kampani yapakati, n'kuika enieni. Mankhwala ake ndi kuyesa ndi ndalama yeniyeni tsiku lotsegulira lisanafike. Pangani kachinthu ka K500, kagulidwe katatu, pa Airtel Money, pa Mpamba ndi pa khadi, muone ngati oda ikusintha yokha. Kachinayi yambani kulipira koma musalembe PIN, muone ngati katundu abwerera bwino.

Pali vuto lina la WooCommerce lokha. Kuyambira pa WooCommerce 8.3, chakumapeto kwa 2023, tsamba lolipirira la shopu yatsopano limamangidwa ndi zimene amati blocks. Plugin yolipirira imene inalembedwera tsamba lakale siionekera pa tsamba latsopanoli, ndipo kasitomala amauzidwa kuti palibe njira yolipirira. Anthu amataya masiku akufufuta ndi kuikanso plugin, pomwe chofunika ndi kubwezera tsambalo ku kalembedwe kakale ka shortcode, ntchito ya mphindi zisanu. Funsaninso ngati plugin ikugwirizana ndi HPOS, kasungidwe katsopano ka maoda kamene masitolo atsopano amayamba nako kuchokera pa 8.2.

Ngati mapepala a kampani yapakati akuchedwa, musadikire. WooCommerce imabwera ndi njira ya "Direct bank transfer". Isintheni dzina ikhale "Airtel Money, Mpamba kapena banki", mulembemo manambala anu a bizinesi ndi pempho loti wolipira atchule nambala ya oda. Oda imakhala pa "On hold" mpaka inu mutaona ndalama. Pa maoda osapitirira 10 patsiku njira imeneyi imakwanira. Lamulo lake ndi limodzi: katundu asatuluke chifukwa cha screenshot kapena uthenga wotumizidwa ndi kasitomala. Onani nokha ndalama imene ili mu akaunti. Mauthenga abodza aja mumawadziwa kale.

Tsopano mapulogalamuwo.

WooCommerce payokha si shopu, ndi plugin yoika pa WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti. Inatuluka mu 2011 kuchokera ku kampani ya WooThemes, imene awiri mwa oyambitsa ake anali a ku South Africa, ndipo kampani ya Automattic inaigula mu 2015. Mphamvu yake si luso lapadera, ndi kuchuluka kwa anthu oidziwa. Amene anakumangirani akapeza ntchito ku Lilongwe kapena akatsikira ku Joni, wina wodziwa WordPress mumupeza mu Blantyre momwemo. Makampani ambiri a hosting amaiika ndi kudina kamodzi mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting. Kwacha ilimo kale pa mndandanda wa ndalama, ndipo katundu wanu yense mungamulowetse nthawi imodzi kuchokera pa fayilo ya CSV yokonzedwa mu Excel. Kufooka kwake kumachokera pomwepo pa mphamvu yake. Chilichonse chili ndi plugin, ndiye anthu amaunjika mpaka 40, uyu wa chipale chofewa pa Khirisimasi, uyu wa nyimbo, uyu woti mtengo uzithwanima. Plugin iliyonse imachedwetsa tsamba ndipo ndi khomo lina limene wakuba angalowerepo. Shopu ngati yanu isapyole 15. Theme tengani yaulere yopepuka, monga Storefront ya eni ake a WooCommerce.

PrestaShop ndi ya ku France, inayamba mu 2007, ndipo inabadwa ili shopu. Zinthu zimene pa WooCommerce zimafuna plugin, monga mitengo m'ndalama za maiko angapo, zilankhulo zingapo, ndi mtengo wa transipoti wotengera kulemera kwa katundu, zilimo kale. Mukanati muli ndi katundu 5,000, mukugulitsa ku Tete m'Chipwitikizi ndi m'meticais komanso ku Chipata m'kwacha ya ku Zambia, ndikanakuuzani kuti muiganizire kwambiri. Koma ma plugin ake, amene amati ma module, ambiri ndi ogula, m'mayuro, kusamuka kuchoka pa mtundu wakale kupita pa watsopano ndi ntchito ya katswiri, ndipo oidziwa kuno ndi owerengeka.

Mwana wa achemwali anu sananame, OpenCart ndi yopepukadi. Imathamanga ngakhale pa hosting yotchipa, ndipo mkati mwake simusokoneza. Koma pa nsapato ili ndi chilema chimene muyenera kuchidziwa. Mu OpenCart 3, saizi ndi mtundu zimawerengedwa padera. Mungaiuze kuti za saizi 38 zilipo zisanu, zakuda zilipo zisanu ndi ziwiri, koma simungaiuze kuti zakuda za saizi 38 zatha. Imagulitsa nsapato imene kulibe. Kukonza zimenezi kumafuna chowonjezera chogula. Komanso zowonjezera za OpenCart 3 sizigwira pa OpenCart 4 imene inatuluka mu 2022, ndiye mungapeze plugin yolipirira ya mtundu wina, theme ya mtundu wina, osagwirizana. Mukanakhala wogulitsa mabuku kapena zipangizo zopanda masaizi, bwenzi ili bwino.

Magento ndi ya akuluakulu, ndipo n'chifukwa chake siikuyenerani. Inatuluka mu 2008, Adobe anaigula mu 2018 pa madola 1.68 biliyoni, ndipo mtundu waulere, Magento Open Source, ulipobe. Imanyamula katundu zikwi makumimakumi, nyumba zosungira katundu zingapo, mitengo yosiyana ya opikula ndi ogula kamodzikamodzi. Koma pa hosting wamba ya cPanel siikhala bwino. Imafuna seva yakeyake yokhala ndi RAM yosachepera 2 GB, ndipo pogwira ntchito yeniyeni 4 GB kapena kuposa. Kuyambira pa 2.4 imafunanso pulogalamu ina yofufuzira, Elasticsearch kapena OpenSearch, yoyenda pambali, ndipo kuiika kwake ndi kochita kulemba malamulo pa seva, osati kudina. Ndi kugula lole ya matani 30 kuti muzikatengera dengu la tomato ku msika. Wina akakuuzani kuti ali ndi Magento 1.9 yopepuka, kanani. Eni ake anasiya kuikonza mu June 2020, ndipo mu September chaka chomwecho masitolo oposa 1,000 otsalira pa Magento 1 anathyoledwa m'masiku ochepa, akuba n'kuikamo kapulogalamu kokopera manambala a makhadi a ogula. Maina ena mungamve, osCommerce ndi Zen Cart ndi agogo a mapulogalamuwa, pomwe Medusa ndi Saleor ndi a makampani okhala ndi olemba mapulogalamu awoawo. Musatayepo nthawi.

Mukatsimikiza za WooCommerce, hosting yake ikhale ndi PHP (chilankhulo cha kompyuta chimene WordPress imayendera) 8.2 kapena kuposa, memory limit ya 256 MB, SSL yaulere ya Let's Encrypt imene imadzikonzanso yokha masiku 90 asanathe, backup (kope la shopu yonse losungidwa padera) ya tsiku ndi tsiku, ndi malo oyesera zosintha, amene amati staging. PHP 7.4 inasiya kulandira zokonza za chitetezo mu November 2022, ndiye hosting imene ikadali pamenepo ndi yogona. Seva ya ku Johannesburg nthawi zambiri imayankha msanga kwa munthu wa ku Blantyre kusiyana ndi ya ku America. Maganizo oika shopu pa kompyuta ya mu ofesi aiwaleni, magetsi akathima shopu yatsekedwa.

Chimene ndinene apa ndi chofunika kuposa kusankha pulogalamu. Domain ilembetsedwe m'dzina lanu, pa imelo yanu, kaya ndi .com kaya ndi .mw imene imayang'aniridwa ndi Malawi SDNP. Akaunti ya hosting ikhale yanu, yolipiridwa ndi inu. Pa WordPress inu mukhale Administrator, mmisiri akhale ndi akaunti yakeyake imene mungaitseke. Zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi: mnyamata amalembetsa zonse pa imelo yake kuti zifulumire, pakapita chaka mwasemphana pa malipiro kapena nambala yake siikupezekanso, domain yatha, ndipo shopu imene munalengeza kwa makasitomala onse yazimiririka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Atsikana a mu shopu apatseni udindo wa Shop manager, umene umawalola kusintha mitengo ndi kuona maoda koma osakhudza ma plugin. Ndipo funsani mwachindunji za plugin kapena theme iliyonse yogula: laisensi yake ili kuti? Zilipo zobedwa zimene amati nulled, zogawidwa ulere pa intaneti, ndipo nthawi zambiri zimabwera ndi kakhomo kobisika. Mumazindikira pamene Google yayamba kuchenjeza anthu za webusaiti yanu, kapena pamene dzina la shopu yanu likutsegula tsamba la juga.

Katundu wanu amafuna kumuyala mwanzeru. Nsapato imodzi ya masaizi 36 mpaka 41 m'mitundu itatu ndi magulu 18, amene WooCommerce imawatcha variations, lililonse ndi chiwerengero chake. Mpaka apa zili bwino. Mukawonjezera chidendene chachitali ndi chachifupi afika 36. Akapyola 30, WooCommerce imasiya kubisiratu magulu amene kulibe, kasitomala amasankha zonse n'kuuzidwa pamapeto kuti palibe. Njira yabwino ndi kupanga mtundu uliwonse kukhala chinthu pachokha, ndi chithunzi chake, masaizi okha n'kukhala osankha. Chimaonekanso bwino pa foni. Pa zitenje, ngati nsalu ya mayadi 6 mumaigulitsa yathunthu kapena moidula patatu, musapange "yathunthu" ndi "chidutswa" ngati zinthu ziwiri, chifukwa mukagulitsa chidutswa kompyuta idzaganizabe kuti yathunthu ilipo. Gulitsani pa mayadi awiriawiri, mulembe kuti wogula zitatu alandira yosadula. Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yake, SKU, yolembedwanso pa kapepala komata pa katundu mu shopu. Chikagulidwa pa kauntala ku Limbe, chichotsedwe pa webusaiti nthawi yomweyo, osati madzulo. Masitolo ambiri ang'onoang'ono amagwa apa, osati pa pulogalamu.

Zithunzi ndizo zimadya bandulo ya kasitomala. Chithunzi chochokera pa foni chimalemera 3 mpaka 5 MB. Chichepetseni chikhale cha mapikiselo 1,200 m'lifupi, chosapyola 200 KB, makamaka cha mtundu wa WebP umene WordPress imalandira kuyambira 2021. Jambulani pa kuwala kwa dzuwa, pa mthunzi, chifukwa babu la mu shopu limasintha mtundu wa chitenje, ndipo chofiira chikafika chili cha olenji mudzachibweza ndi transipoti yanu. Mukamaliza, tsegulani shopuyo pa foni yotchipa ya Android, pa bandulo wamba osati pa Wi-Fi ya mu ofesi. Tsamba likadutsa masekondi asanu lisanaoneke, kasitomala wabwerera kale ku WhatsApp kukafunsa kuti ndi zingati.

Tsamba lolipirira linapangidwira maiko amene nyumba iliyonse ili ndi nambala ndi msewu wa dzina. Chotsani dzina la kampani ndi mzere wachiwiri wa adiresi, postcode isakhale yokakamiza, nambala ya foni ikhale yokakamiza, ndipo muikepo malo olembamo chizindikiro, zija za "kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira". Lolani anthu kugula osatsegula akaunti. Mtengo ukhale m'kwacha, wopanda matambala. Pa transipoti, pangani zone imodzi ya Malawi, muikemo mitengo yokhazikika ingapo, uliwonse ndi dzina lake: kudzatenga ku shopu ku Limbe kwaulere, kabaza m'kati mwa Blantyre, kukatengera ku ofesi ya onyamula katundu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Za makasitomala akunja aja, mu General settings muli mizere iwiri yosiyana, wina wa maiko amene mumagulitsako, wina wa maiko amene mumatumizako katundu. Woyambawo ikani Malawi, South Africa ndi United Kingdom, wachiwiriwo Malawi yokha. Mukatero wa ku Johannesburg amalipira ndi adiresi yake ya kumeneko, katundu n'kupita kwa mayi ake ku Chilomoni. Musaiwale malo a nambala ya foni ya wolandira. Manambala a makhadi asasungidwe pa seva yanu ngakhale pang'ono, kasitomala aziwalemba pa tsamba la kampani yapakati.

Zinthu ziwiri zimasokoneza mwakachetechete. Choyamba ndi imelo. WordPress ikamatumiza yokha, uthenga wa oda yatsopano umagwera mu spam kapena sufika n'komwe, inu n'kumati malonda palibe pomwe maoda atatu akudikira. Ikani plugin ya SMTP, yotumiza maimelo kudzera pa akaunti yeniyeni ya imelo, ndipo a hosting akuikireni SPF ndi DKIM pa domain yanu, zotsimikizira kuti imeloyo yachokeradi kwa inu. Chachiwiri ndi cache, imene imasunga masamba okonzeratu kuti azitseguka msanga. Ndi yabwino pa masamba a katundu, koma masamba a dengu (cart), olipirira (checkout) ndi a akaunti ya kasitomala (my-account) achotsedwemo, apo ayi munthu aika chikwama m'dengu n'kulipeza lopanda kanthu, kapena kupeza katundu wa munthu wina.

Mlonda wa puloti ija ndi inu. Kamodzi pa sabata wina alowe aone zofunika kukonzanso. Dongosolo lake ndi ili: backup kaye, ya mafayilo ndi database yomwe, kenako kuyesa pa staging, kenako plugin imodziimodzi pa shopu yeniyeni, kenako kugula kachinthu ka K500 kaja. Musachite zimenezi Lachisanu madzulo kapena kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Backup isakhale pa seva yomweyo, plugin yonga UpdraftPlus imaitumiza ku Google Drive. Malamulo nawo alipo: Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imakhudza malonda a pa intaneti, ndipo Data Protection Act ya 2024 imakhudza maina, manambala ndi maadiresi a anthu amene mukusunga. Lembani poyera dzina la bizinesi, kumene muli, nambala ya foni, mitengo yonse ndi kabwezedwe ka katundu, ndipo musatolere za munthu zimene simukuzifuna.

WhatsApp musaitaye. Ikani batani lake pa chinthu chilichonse, poti ena sadzalipira asanamve mawu a munthu. Chosintha ndi chakuti wofunsa mtengo muzimutumizira link basi.

Pomaliza, kagwiridwe ka ntchito ndi mmisiri. Musayambe ndi katundu yense. Mupatseni zinthu 20, zitenje, zikwama ndi nsapato ziwiri za masaizi, amange pa hosting yanu m'masabata awiri. Inu nokha, iye atapinda manja, lowetsani chinthu chatsopano ndi chithunzi, sinthani mtengo, landirani oda, bwezani ndalama. Mukakanika chimodzi, akuphunzitseni mpaka muthe. Malipiro ake agawidwe patatu: gawo loyamba poyamba ntchito, lachiwiri kulipira kwa pa foni ndi pa khadi kukayesedwa ndi ndalama yeniyeni, lachitatu pomaliza. Gawo lomalizalo lituluke mutalandira mapasiwedi a domain, hosting ndi WordPress, mutawasintha nokha, ndipo iye atafufuta shopu ya pa staging inu mukuona n'kuibwezeretsa kuchokera pa backup.